KODI MOŴA UMALIMBITSA THUPI?

Amayi, mwezi ndi mwezi mumabwera ndi mwana wanu kusikelo. Alangizi a zaumoyo amampachika, naŵerenga kulemera kwake, ndi kulemba kadontho m'kabuku kake. Mzere wa timadonthoto ukamakwera mumabwerera kunyumba mtima uli m'malo, pakuti mwana amene akukwera sikelo ndiye kuti akukula. Kwa mwana wamng'ono zimenezi nzoona. Koma kwa munthu wamkulu sikelo sinena zonse. Abambo aŵiri angathe kulemera makilogalamu 70 aliyense, wina nkukhala wa minofu yolimba, wotha kukwera phiri la Ndirande osapumira panjira, mnzakeyo nkukhala wa mimba yaikulu ndi miyendo yoonda, wochita befu pa kachitunda kopita kumsika. Chimodzi mwa zinthu zimene zimasiyanitsa anthu aŵiri otereŵa ndi moŵa.

Mwina mufunsa kuti nkhaniyi ikukukhudzani bwanji inu amene mwadzera mwana. Ikukukhudzani chifukwa mphamvu za banja zimadzera m'manja mwanu. Ndinu amene mumaphikira bambo a kunyumba pochokera ku ntchito ya kunyamula katundu ku Limbe kapena ku mafakitale a ku Makata. Ndinu amene mumachapa malaya a mnyamata wanu woseŵera mpira pa bwalo la sukulu, amene amalota tsiku lodzavala yunifolomu ya Bullets kapena ya Wanderers pa bwalo la Kamuzu ku Chichiri. Ena mwa inu muli ndi achimwene amene adaumba simenti m'zitini ziŵiri, nazilumikiza ndi chitsulo, ndipo amanyamula m'maŵa uliwonse kuseri kwa nyumba kuti atupitse chifuwa. Ndipo inu eni ake, ngakhale simutchula kuti maseŵera, mumasenza ndowa ya malita 20, mwana ali kumbuyo, m'zitunda za ku Bangwe, Chilomoni ndi Zingwangwa. Ndowa imeneyo ndi makilogalamu 20. Ena mumaseŵeranso ntchemberembaye Loŵeruka masana.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo udachita m'chaka cha 2009 pamodzi ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO adapeza kuti mwa amuna 10 aliwonse m'Malaŵi, pafupifupi 3 anali akumwa moŵa, pamene mwa akazi 100 anali pafupifupi 4 okha. Choncho ambiri mwa inu simumwa. Koma ambiri mumagona m'nyumba imodzi ndi munthu amene amamwa.

Mmene thupi limalimbira

Thupi la munthu lili ndi mafupa, minofu, mafuta ndi madzi. Madzi ndiwo ochuluka koposa, kupitirira theka la kulemera konse. Minofu ndiyo imagwira ntchito: imakoka mafupa kuti munthu ayende, anyamule, alime. Mafuta ndi nkhokwe, mosungira chakudya chimene chatsala. Nkhokwe njofunika, makamaka kwa mayi woyembekezera ndi woyamwitsa, koma ikasefukira imasanduka katundu.

Pali chinthu chimodzi chimene anthu ambiri sachidziŵa, ndipo phunziro lonseli latsamira pa icho. Minofu siikula pa nthaŵi imene munthu akuthamanga kapena kunyamula zitsulo. Pa nthaŵi imeneyo minofu imatha, ndipo tiulusi take tina timang'ambika. Nchifukwa chake munthu amene walima mizere yambiri amadzuka maŵa lake thupi likuphwanya. Kukula kumabwera pambuyo pake, munthu atadya ndi kugona. Thupi limatenga zakudya zomanga thupi, monga nyemba, nandolo, mtedza, usipa, mazira, mkaka ndi nyama, nkumasoka pong'ambika paja, ndipo limasoka molimba kuposa poyamba. Ntchito yosokayi imatenga tsiku lathunthu, mwinanso masiku aŵiri. Zili ngati munda: khasu limangotipula nthaka, koma mbeu zimamera pambuyo, mvula itagwa.

Tsono taganizani za mnyamata amene watuluka m'bwalo la mpira dzuŵa litapendeka, nkulunjika ku shabini ndi anzake kukasangalalira chigoli. Wapita kukamwa pa maola omwe aja amene thupi lake limayenera kuyamba kusoka.

M'chaka cha 2014 akatswiri a ku Melbourne m'dziko la Australia adayesa zimenezi pa anyamata 8 ozoloŵera maseŵera. Adaŵanyamulitsa zitsulo ndi kuŵapalasitsa njinga mwamphamvu. Tsiku lina adaŵapatsa zakudya zomanga thupi zokha, tsiku lina zakudya zomwezo pamodzi ndi moŵa, ndipo tsiku linanso moŵa ndi zakudya zopatsa mphamvu popanda zomanga thupi. Kenaka ankatapa kamnofu kakang'ono pa ntchafu nkukapima. Adapeza kuti pa tsiku la moŵa ndi zakudya zabwino, ntchito yomanga minofu idatsika ndi magawo 24 pa 100. Pa tsiku la moŵa wopanda zomanga thupi idatsika ndi magawo 37 pa 100. Moŵa umene adamwa unali wambiri ndithu: kwa munthu wolemera makilogalamu 60 ungafanane ndi mabotolo 7 kapena 8. Koma inu mukudziŵa bwino kuti pa kutha kwa mwezi, kapena timu ikapambana, chiŵerengero chotere sichidabwitsa munthu ku Ndirande. Ndipo onani kuti amene adaluza koposa ndi uja adamwa osadya ndiwo zomanga thupi, monga mmene amachitira amuna ambiri kuno kwathu.

Ulendo wa moŵa m'thupi

Chimene chimaledzeretsa ndi chimodzi chomwecho m'moŵa wa mtundu uliwonse, kaya ndi masese, Chibuku, kachasu, kapena moŵa wa m'botolo umene wakhala ukufululidwa mu Blantyre muno kuyambira 1968, pamene kampani ya Carlsberg idatsegula fakitale yake yoyamba kunja kwa dziko la Denmark. Chimasiyana ndi kuchuluka kwake. Botolo limodzi la mamililita 330 lili ndi magalamu pafupifupi 12 a choledzeretsachi. Masese ndi Chibuku zimanka ziŵaŵa pamene zikupitiriza kuŵira. Kachasu ndi waukali kangapo kuposa zonsezi, ndipo popeza amatchezedwa kunyumba, palibe amene amapima ukali wake. Wa lero sufanana ndi wa dzulo.

Nsima imayamba yagayidwa m'mimba isanaloŵe m'magazi. Moŵa sudikira zimenezo. Umaloŵa m'magazi monga uliri, makamaka m'mimba mukakhala mopanda kanthu, ndipo m'mphindi zoŵerengeka umakhala utafika ku ubongo. Thupi lilibe nkhokwe yosungiramo moŵa, choncho limautenga ngati chiphe chofunika kuchichotsa msanga. Ntchitoyi imagwera chiŵindi. Chiŵindi chimatha kuphwanya moŵa wosakwana bwino botolo limodzi pa ola, ndipo palibe chimene chingachifulumizitse. Tiyi woŵaŵa, kusamba madzi ozizira, msuzi wa mang'ina kapena kuthamanga kuti thukuta lituluke, zonsezi sizichotsa moŵa m'magazi. Bambo amene wamwa mabotolo 8 kufikira pakati pa usiku amakhala akadali nawo m'magazi pamene akukwera minibasi m'maŵa.

Pa maola onsewo chiŵindi chimaika pambali ntchito zake zina. Imodzi mwa ntchitozo ndi kutumiza shuga m'magazi kuti minofu ndi ubongo zipeze mphamvu. Munthu amene wathamanga kapena kugwira ganyu tsiku lonse watha kale shuga wosungidwa. Akathira kachasu m'mimba yopanda chakudya, shuga wa m'magazi angathe kutsika kwambiri mpaka munthuyo kukomoka. Oona amangoti waledzera, amusiye agone. Ena amafa motero. Munthu woledzera amene sakudzuka pomugwedeza mugonekeni chammbali, ndipo thamangirani naye kuchipatala.

Moŵa umasokonezanso impso kuti zitaye madzi ambiri kuposa oyenera. Wamaseŵera wataya kale madzi m'thukuta, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Moŵa waukali umaonjeza pa kutayako. Ludzu, mutu ndi kulefuka kwa matsire zimachokera mbali ina pamenepa. Kunena za tulo, nzoona kuti woledzera amagona msanga, koma tulo take ntosapumitsa. Amadzidzimuka usiku, amatuluka kukataya madzi, nadzuka m'maŵa ngati sanagone. Paja tanena kuti thupi limasoka minofu munthu ali m'tulo.

Ziŵiri zina tizitchule mwachidule. Wina akabinya bondo kapena kakolo pa mpira, moŵa umatsegula mitsempha ya magazi ndipo potupapo pamatupa koposa, pachedwanso kupola. Ndipo m'miyezi ya Juni ndi Julayi, chiperoni chikakuta Soche ndi Michiru, anthu amati akamwe kuti afunde. Kufundako nkwa pakhungu pokha. Magazi otentha amathamangira kukhungu, kutentha nkumathaŵa, m'kati mwa thupi nkumazizira.

Mimba ya bwana

Kwathu kuno bambo akatulutsa mimba anthu amati zinthu zikumuyendera, mkazi wake amadziŵa kusamala. Ndi ulemu umene amayi ambiri amaunyadira. Tiyeni tione chimene chili m'mimbamo.

Mphamvu ya chakudya imayesedwa ndi muyeso wotchedwa makalori. Galamu imodzi ya ufa kapena shuga imapereka makalori pafupifupi 4. Galamu ya mafuta ophikira imapereka 9. Galamu ya choledzeretsa cha m'moŵa imapereka 7, ndiye kuti moŵa uli pafupi ndi mafuta kuposa ndi nsima. Botolo limodzi lili ndi makalori pafupifupi 140, ndipo mabotolo 5 amafika pa 700, ngati kuti munthu wadya chakudya china chathunthu asanagone. Komabe pa magulu 6 a zakudya amene mumaphunzira kuno kusikelo, ndiwo zokhutitsa, za m'gulu la nyemba, zochokera ku nyama, zamasamba, zipatso ndi zamafuta, moŵa sumapezeka pa gulu lililonse. Ulibe chomangira minofu.

Choonjezera apo, pamene chiŵindi chili kalikiliki ndi moŵa, thupi limachepetsa kuotcha mafuta. Akatswiri a ku Lausanne m'dziko la Switzerland adaonetsa m'chaka cha 1992 kuti amuna amene adapatsidwa moŵa wofanana ndi mabotolo 8 pa tsiku adaotcha mafuta ochepa, kutsika ndi gawo limodzi mwa magawo atatu. Mafuta osaotchedwawo amasungidwa. Ndiye muikepo kanyenya ndi tchipisi za pachiwaya zimene zimagulitsidwa pakhomo pa malo omwera, pakuti moŵa umadzutsa njala ya zonona. Mwa amuna mafuta otere amakonda kukhala m'kati mwa mimba, mokuta matumbo, ndi m'chiŵindi momwe. Mafuta a pamalo ameneŵa ndiwo amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi kufa ziŵalo. Chakudza sichiimba ng'oma: kuthamanga kwa magazi kumatha zaka munthu osamva kupweteka paliponse.

Imeneyi ndi njira ya munthu amene ali ndi ndalama zokwanira moŵa ndi chakudya chomwe. Pali njira ina, ndipo ndiyo imaoneka kaŵirikaŵiri m'makwalala mwathu. Bambo wa maganyu amene ndalama yake yathera ku kachasu sadya. Kachasu amapha njala, natupula m'mimba ndi m'matumbo kotero kuti ngakhale chochepa chimene wadya sichiloŵa bwino m'thupi. Munthu wotere amaonda. Mwa anthu amene amwa kwambiri kwa zaka zambiri, pafupifupi theka amafota minofu, kuyambira m'ntchafu, m'matako ndi m'mapewa. Mudzamzindikira pa kudzuka: akanyonyomala sangaimirire popanda kugwira khoma kapena kutsamira manja pa maondo. Thumba la ufa limene kale ankaliponya pamutu yekha tsopano limafuna anthu aŵiri. Mtima nawo ndi mnofu, ndipo umafooka chimodzimodzi; munthu amayamba kubanika ndi kutupa mapazi.

Kwa ife odalira chimanga pali vuto linanso. Chimanga chili ndi vitamini wochepa wa mtundu umene umateteza khungu, matumbo ndi ubongo, ndipo timaupeza m'ndiwo monga mtedza, nyemba, nsomba ndi nyama. Chidakwa chimene chimangodya nsima pang'ono ndi masamba chimagwidwa msanga ndi nthenda imene achipatala amaitcha pelagra: khungu limada ndi kusupuka pamalo oomba dzuŵa, m'khosi, kunja kwa manja ndi pa mapazi, munthu amatsegula m'mimba, ndipo nzeru zimasokonekera. Nthendayi imachizika ikafika msanga kuchipatala.

Chenjerani ndi ichi. Munthu woonda manja ndi miyendo amene mimba yake yayamba kukula sakunenepa ayi. Angakhale madzi amene adzaza m'mimba chifukwa chiŵindi chaonongeka. Ngati maso achita chikasu, mapazi atupa, kapena wasanza magazi, musachedwe ndi zitsamba. Pitani naye ku chipatala cha m'dera lanu, ndipo iwo akaona kofunika adzamtumiza ku Gulupu.

Za anyamata anu

Malamulo a dziko lino saloleza kugulitsa moŵa kwa mwana wosakwana zaka 18. M'chaka cha 2015 boma lidaletsa moŵa waukali wa m'timapepala ta pulasitiki, uja unkatchedwa masacheti, chifukwa unali wotsika mtengo kotero kuti ana a sukulu ankauika m'thumba la kabudula. M'chaka cha 2017 dziko lidakhazikitsa ndondomeko yake yoona za moŵa. Koma lamulo silingaime pa chipata cha nyumba iliyonse, ndipo moŵa waukali wotsika mtengo ukupezekabe m'timabotolo. Thupi la mnyamata limakhala likumanga mafupa ndi minofu mpaka kupitirira zaka 20, ndipo ubongo wake umakhwima mochedwerapo kuposa apo.

Kumuopseza mnyamata ndi matenda a chiŵindi sikumveka, pakuti ukalamba amauona kutali. Mulankhuleni pa chimene amachikonda. Muuzeni kuti moŵa wa Loŵeruka usiku umadya thukuta lake la sabata yonse. Muuzeni kuti woseŵera wa matsire amachedwa pa mpira, amaphonya poponda, ndipo amatopa chigawo chachiŵiri chisanafike pakati. Akabwera kuchokera ku bwalo, asapeze mphika uli gwa. Madzi akumwa, thobwa latsopano, nsima ya nyemba kapena usipa, nthochi, mtedza wokazinga: akadya zimenezi m'maola aŵiri oyamba nagona nthaŵi yabwino, wachita zimene oseŵera otchuka a kunja amalipirira ndalama zambiri kuti aphunzitsidwe.

Za thupi lanu, amayi

Mayi amene wabereka amafuna mphamvu zibwerere, ndipo njira yake ndi yomweyo: kudya mokwanira za magulu onse, kupuma, ndi kubwerera ku ntchito zolemetsa pang'onopang'ono. Pali mau amene amamveka m'makomo akuti masese kapena Chibuku amachulukitsa mkaka wa m'maŵere. Apongozi kapena anansi amanena zimenezi ndi mtima wabwino, koma si zoona. M'chaka cha 1991 akatswiri a ku Philadelphia m'dziko la America adapima ana asanayamwe ndiponso atayamwa, napeza kuti mayi akamwa moŵa, mwana amayamwa mkaka wochepa, kutsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 5 pa maola otsatirawo. Moŵa umatsekereza kutsika kwa mkaka. Maŵere amamveka odzaza chifukwa mkaka sunatuluke, ndipo mayi amayesa kuti wachuluka. Moŵawo umaloŵanso mu mkaka pa mlingo wofanana ndi wa m'magazi a mayi, pamene chiŵindi cha khanda sichinakhwime. Chimene chimachulukitsa mkaka ndi kuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku. Thobwa ndi labwino likadali latsopano ndi lotsekemera. Likagonera masiku nkuyamba kuluma pa lilime, laloŵa m'gulu la moŵa, ndipo lisapatsidwe kwa mwana kapena kwa mayi woyamwitsa.

Kwa mayi woyembekezera palibe mlingo wa moŵa umene uli wabwino, pa mwezi wina uliwonse. Moŵa umadutsa mpaka kwa mwana m'mimba, ndipo angabadwe wochepa sikelo ndi wovulala ubongo moyo wake wonse.

Chingwe ndi mau

Popeza sikelo sinena zonse, nayi njira yoyesera munthu wamkulu imene sifuna ndalama. Tengani chingwe, muyese msinkhu wa bambo kuchokera ku chidendene mpaka pa liwombo, ndi kudula pamenepo. Pindani chingwecho paŵiri. Tsono chizungulizeni pa mimba yawo, chapamwamba pang'ono pa mchombo, atatulutsa mpweya bwinobwino osakoka mimba. Nsonga zikakumana, zili bwino. Zikalephera kukumana, ndiye kuti mimba yaposa theka la msinkhu, ndipo ndi nthaŵi yoti akayezetse kuthamanga kwa magazi ndi shuga. Inunso mungadziyese motero, koma osati muli oyembekezera kapena mutangobereka kumene. Sungani chingwecho, mudzayesenso pakatha miyezi itatu.

Nkhani ya moŵa musaiyambe bambo ataledzera, kapena pamaso pa ana ndi alendo. Dikirani tsiku limene ali bwino, atadya. Amuna ambiri samva za kuleka moŵa, koma amamva za mphamvu zawo, pakuti ndizo zimadyetsa banja. Mungathe kunena kuti, "Bambo a Chikondi, kale munkakwera chitunda ichi ndi thumba pamutu, lero mukupumira kaŵiri. Tiyeni tikayezetse." Ngati kulankhula kotere kungabweretse ndeu kapena kumenyedwa, musalimbane nazo nokha, fotokozerani anamwino, ankhoswe kapena akuluakulu a mpingo.

Amene amamwa mwa apo ndi apo angathe kuyamba ndi zinthu zapafupi: kusamwa pa tsiku la maseŵera kapena la ntchito yolemetsa ndi usiku wotsogolera tsikulo, kusamwa m'mimba muli njala, kumwa madzi pakati, ndi kukhala masiku ambiri pa sabata osalaŵa nkomwe. Amene akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu aulekeretu, chifukwa mankhwalawo ndi moŵa zonse zimalemetsa chiŵindi chimodzi. Amene ali pa ma ARV auze achipatala mosabisa za mmene amamwera.

Koma munthu amene amamwa tsiku ndi tsiku, amene manja ake amanjenjemera m'maŵa mpaka atalaŵako, asaleke mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi lake lazoloŵera, ndipo pa masiku aŵiri kapena atatu oyamba angathe kugwa ngati wa khunyu, kuona zinthu zimene palibe, ngakhale kufa kumene. Ayambe waonana ndi achipatala ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa, kapena ku South Lunzu kwa inu a ku Machinjiri, kuti amthandize ndi mankhwala ndi mavitamini pa masiku ovutawo. Akadutsa pamenepo, mafuta a m'chiŵindi amayamba kusungunuka m'masabata oŵerengeka ngati chiŵindicho sichinaume, tulo timabwerera, ndipo minofu ya m'ntchafu imayamba kudzaza m'miyezi ingapo, malinga adye ndiwo zomanga thupi ndi kuyenda tsiku lililonse. Poyambira pabwino ndi kuyenda theka la ola m'maŵa, ndi kukhala pa mpando nkuimirira kakhumi osagwira maondo.